Funso la amalume landisowetsa tulo

Amalume anatsika lero kuchokera cha ku Zóbuè ndi matumba awo a makala pa lole, ndiye tinakumana pamsika nditangoweruka ku fakulidade. Moni sanathe nkomwe, funso lija lomwe aliyense kumudzi amandifunsa, kodi iwe sukulu yakoyi ndi ya chiyani kwenikweni? Ndinati za chilengedwe amalume, madzi, nthaka, mpweya, nkhalango. Anangoti oho, ndiye kuti ukamaliza udzakhala mmodzi wa mafisikali otilanda makala pamsewu aja.

Ndinayamba kufotokoza monga tinaphunzirira, kuti mtengo wa tsanya umachedwa kukula, kuti phiri likatha mitengo madzi a mvula salowanso pansi amangothamanga ndi dothi kupita kumtsinje, ndinawakumbutsanso Januwale wa 2022 pomwe namondwe Ana anagumula mlatho wa Revúbuè anthu a ku Moatize ndi a ku Tete nkumangoyang'anizana kutsidya. Anamvetsera bwinobwino ndithu. Kenaka anati chabwino mwana wanga, nanga sitima zija zonyamula malasha usana ndi usiku kudutsa m'Malawi mpaka ku Nacala, ija ndi nkhwangwa yanga? Anthu aja anasamutsidwa kupita ku Cateme kuti mgodi wa malasha upeze malo anachotsedwa ndi ine?

Ndinangoti kukamwa yasa. Malasha a ku Moatize anayamba kutuluka mochuluka mu 2011 ine ndili mwana, fumbi lake ndalipuma ndekha, malaya oyera ukayanika kumeneko madzulo umakapeza asintha mtundu. Mkalasi timaphunzira kuyeza fumbi mumpweya, kuyeza asidi m'madzi, kulemba malipoti aja amafunika mgodi usanatsegulidwe, zonsezi ndimazikonda zedi moti labu ikatsekedwa ndimadandaula. Koma palibe phunziro limodzi lomwe landiuza choyankha munthu amene chimanga chinamukanika chaka chino ndipo thumba la makala ndiye mankhwala a ana ake. Ndipotu mbaula yomwe timaphikira kunyumba yathu ya lendi imadya makala omwewo, gasi tingamukwanitse ife ophunzira?

Chomwe chikundiwawa nchoti amalume sakunama koma inenso sindikunama. Mitengo ikuthadi, aliyense wokwera chapa msewu wa ku Angónia amaona yekha mapiri ali mbee. Mwina ndi kutentha kwa Tete kuno komwe kukundipsetsa mtima, usiku uno ngakhale mphepo ya ku Zambezi palibe, mayeso a za madzi ali pafupi koma kope ndangolitsegula basi.

Ponyamuka anandipanikiza ndalama m'manja, akuti ugule makope, uphunzire kuti udzatiyankhulire kwa akuluakuluwo. Ndalama ya makala omwewo. Ndalandira ndi manja awiri, ndipo mpaka pano ndikuganiza ngati ntchito yomwe ndidzaipeze idzakhala ya kumgodi komweko, chifukwa anzathu ambiri otsogola maso awo ali kumeneko