Bwalo tinalipeza msanga, anthu ndiye tinachita kukawatenga

Nyanja itakwera mu 2024, madzi anameza mchenga wonse umene anyamata a m'mudzi mwathu ankasewerapo mpira madzulo. Ife tili m'dera la Mfumu Yaikulu Mponda ku Mangochi, ndipo chikhalireni changa kuno bwalo linali gombe lomwelo, pakati pa doko ndi mathandala oyanikapo usipa. Litamira, anyamata anayamba kuswera ku vidiyo. Nkhaniyi inabuka ku banki m'khonde kumene ine ndine mlembi. Tili mkati modandaula, mayi wina wachikulire anatidula pakamwa: "Mukulirira bwalo la anyamata. Nanga lanu linali kuti?" Tinaseka, koma funsolo linatikhala mumtima. Ine ndinkasewera ntchemberembaye, mpira wamanja uja, kusekondale, ndinali senta, koma chitulukireni sukulu mpira sindinaugwirenso. Tsiku lomwelo tinagwirizana kuti bwalo latsopanolo likhale la amayi, atsikana, agogo ndi anzathu aulumali omwe, osati la anyamata okha. Anzanga a ku Malindi ndi ku Namwera akhala akundifunsa pa WhatsApp mmene tinayendera, ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Tinayambira kwa amfumu, ndipo inunso yambirani komweko. Tinapita atatu m'mawa, titadzera kwa nduna yawo dzulo lake. Titakhala pamphasa ndinati, "Zikomo amfumu, tabwera ife ana anu, tili ndi kampempho." Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatiuza zoona zake, kuti kunyanja kuno malo ooneka opanda kanthu onse ali ndi mwini, ndipo akangopereka ena mawa kubwera mlandu. Anatilozera kusukulu ya pulayimale, n'kutilembera kalata ya chidindo yopita kwa apampando a VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Kalata imeneyo isungeni ngati ndalama. Ife tinaijambulitsa kanayi ndipo paliponse pamene tinapita ankaifunsa.

Kusukulu a hedi anatilandira bwino, koma sakanatha kuvomera okha. Bwalo la sukulu lili m'manja mwa komiti ya sukulu ndi makolo, choncho tinadikira msonkhano wawo milungu itatu. Anatipatsa ngodya ya kuseri kwa bwalo la mpira wamiyendo, pafupi ndi mitengo ya mango, ndi malamulo awo: tizibwera ana akaweruka, kachasu ndi kubetcha ayi, tizisesa tikamaliza. Ndinaumirira kuti zimenezi zilembedwe ndi kusainidwa, poti a hedi amasamutsidwa, wobwerayo sangadziwe zimene munagwirizana pakamwa.

Kuyeza bwalo sikunavute. Tinabwereka tepi kwa mmisiri womanga nyumba. Bwalo la mpira wamanja ndi mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, ndipo limagawidwa patatu mofanana. Kazungulire ka ogoletsa tinakajambula ndi chingwe cha mamita 4.9 chomangirira pachikhomo. Mitengo ya zigoli ndi bulugamu, mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo kunsi kwake tinapaka oyilo wakuda kuopa chiswe. Mphete zake anatiwotcherera kuboma, masentimita 38 pakamwa pake. Mizere tinayamba ndi phulusa, koma mwera utayamba kuwomba tinkapeza bwalo lili mbee ngati sitinajambulepo. Tsopano timakumba kangalande kakang'ono n'kuthiramo laimu.

Ndiye tinalengeza. Kumzikiti Lachisanu, kutchalitchi Lamlungu, kusikelo, kuchigayo. Mawu ake anali okoma ndithu, akuti aliyense ndi wolandiridwa, Loweruka 2 koloko masana.

Anabwera anyamata, gulu lalikulu, n'kutenga mpira wathu umodzi womwewo kuyamba kuuponda ndi miyendo. Amayi tinalipo asanu ndi mmodzi, tonse a banki m'khonde. Atsikana angapo anaima patali pansi pa mango, akuseka atagwira pakamwa, ndipo nditawakodola anathawa. Waulumali panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndinafika kunyumba nditapsa mtima, ndikunena kuti anthu a kuno sakonda chitukuko. Apongozi anga anali pakhonde akusankha mpunga. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Kodi anthuwo munawaitana, kapena munangolengeza?"

Mlungu wotsatira tinatenga kope n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, awiriawiri. Funso linali limodzi: chingakuletseni kubwera n'chiyani? Ntchito yeniyeni inali imeneyi, ndipo inatitengera milungu iwiri.

Choyamba kutuluka chinali nthawi, ndipo ndinachita manyazi kuti sindinaganizepo. 2 koloko masana ku Mangochi dzuwa limakhala likuswa mtengo, mchenga sungaupondenso wopanda nsapato. Nthawi yomweyo amayi ambiri amakhala ali kumathandala kutembenuza usipa ndi kuingitsa akhwangwala, ana ali kumadarasa. Tinasinthira 4 koloko, anthu atachoka ku swala ya madzulo, mpaka hafu pasiti faifi kuti aliyense akafike kwawo kusanade ndipo akapeze nthawi yophika. Anyamata tinawapatsa masiku awo, Lolemba ndi Lachinayi, ndi mpira wawo. Anang'ung'udza koma anamva, makamaka amfumu atalankhulapo.

Chachiwiri chinali zovala, ndipo ichi amayi sankachinena msanga. Umayamba wakhala, wamwa madzi, kenako wina n'kunena motsitsa mawu kuti, "Abambo akunyumba sangalole ndivale zija za pa TV." Anthu amawaonera ma Queens, amamudziwa Mwawi Kumwenda amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015, ndipo amanyadira. Koma m'maganizo mwawo mpira wamanja ndi kadiresi kofupika kaja. Kwa mayi wachisilamu wa m'mudzi mwathu, ngakhalenso ambiri achikhristu, pamenepo nkhani yatha. Tinapita kwa ashehe limodzi ndi apampando a VDC. Sindinapite kukatsutsana nawo. Ndinafunsa kuti, "Ashehe, tatiuzani, mayi atavala motani angasewere popanda cholakwika?" Tinamvana kuti amayi azisewera atavala thalauza lalitali mkati mwa diresi, mpango kumutu monga mwa masiku onse, ndiponso kuti masiku a amayi abambo asamaunjikane m'mbali mwa bwalo. Lamulo lomalizali poyamba linandiwawa, ndinkaona ngati tikupatulanso anthu pamene cholinga chinali kuwasonkhanitsa. Lero ndimalivomereza, chifukwa Lachiwiri loyamba titalitsatira panabwera amayi oposa makumi awiri, ena ali ndi ana kumsana.

Yunifolomu sitinagule. Nditanena pamsonkhano kuti chofunika ndi mabibu basi, agogo ena anadabwa: "Mabibu mwezi uno muwapeza mumtengo uti?" Anthu anagwa nacho chiseko. Telala wa pamsika anatisokera timalaya khumi ndi tinayi tovala pamwamba, tofiira ndi tobiriwira, n'kulembapo ndi penti zilembo zija za malo a osewera, GS (wogoletsa), GA, WA, C, WD, GD ndi GK (wotchinga pagoli). Mpaka lero agogowo akafika amafuula kuti, "Ndipatseni bibu langa lakupsalo!"

Agogo ndi amayi amene mawondo anayamba kuvuta tinawakonzera mpira woyenda. Kuthamanga kulibe, kulumpha kulibe, munthu amaloledwa kuponda phazi limodzi lowonjezera ndiponso kugwira mpira masekondi anayi m'malo mwa atatu. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu anabwera tsiku loyamba kudzauza a BP ndi a shuga kuti ayambe pang'onopang'ono, azimwa madzi, ndipo asasiye mankhwala poganiza kuti mpira wawachiza. Ndowa ya madzi a pamjigo ndi makapu timaika pansi pa mango nthawi zonse.

Kumene ndinaphunzira zambiri ndi kwa achimwene ena osoka nsapato pamsika, amene amayendera njinga yopalasa ndi manja. Nditawaitana anandiyang'ana nthawi yaitali. "Achemwali, kuchokera pamsewu kukafika pabwalo lanulo mwaonapo mchenga wake? Mukufuna ndichite kuuluka?" Tinapita limodzi kukaona. Matayala anatitimira titangochoka pamsewu, ndipo anyamata awiri anachita kukankha mpaka thukuta kamukamu. Iwo anati kukankhidwa pagulu Loweruka lililonse sakufuna. Tinapempha anyamata a mpira aja, poti nawonso bwalo akuligwiritsa ntchito, n'kututa dothi lapachulu ndi zidutswa za njerwa pa wilibala, kuthira madzi, kusinja ndi misi. Masiku atatu, kanjira kolimba kanatheka.

Atafika pabwalo ndinalakwitsanso. Ndinawapatsa wezulo kuti akhale oyimbira, ndikuona ngati ndawalemekeza. Anaubweza. "Mukundipatsa wezulo kuti mpira ndisaugwire eti?" Ndinasowa chonena. Iwo omwewo ndi amene anatiuza za volebo yosewera mutakhala pansi, imene anaionera pafoni. Bwalo lake ndi laling'ono, mamita 10 kwa 6, ukonde umakhala wotsika, kupitirira pang'ono mita imodzi, ndipo lamulo lalikulu n'lakuti pomenya mpira matako asachoke pansi. Msodzi wina anatipatsa chidutswa cha ukonde wakale, tinamanga pamitengo iwiri mumthunzi. Ubwino wake ndi wakuti aliyense amakhala pansi, wolumala ndi wosalumala, ndipo achimwenewo ndi mikono yawo yopalasa njinga tsiku lililonse amatimenya mpira woti ukaugwira dzanja limachita dzanzi. Mchenga womwe unawatsekera njira uja ndi umene uli wofewa kukhalapo.

Kunali mtsikana wina wachialubino amene mayi ake anakaniratu. Zifukwa zinali ziwiri ndipo zonse zinali zomveka, dzuwa ndi njira yobwerera madzulo. Tonse tikudziwa zimene abale athu achialubino akumana nazo m'dziko muno kuyambira cha m'ma 2014, ndiye mayiyo sindikanamuuza kuti asaope. Tinakonza kuti amayi awiri oyandikana nawo nyumba azimutenga ndi kukamusiya pakhomo penipeni. Amasewera atavala malaya a manja aatali ndi chipewa chachikulu, atadzola mafuta oteteza khungu amene amalandira kuchipatala. Maso ake saona patali, choncho mpira woyera tinausiya n'kugula wachikasu, ndipo woponya amayamba watchula dzina lake. Tsiku lina ndinamuuza za Taonere Banda, wothamanga wovutika kuona amene anali Mmalawi woyamba kupikisana nawo pa masewera a Paralympics, ku Rio mu 2016. Anangoti, "Ine zothamanga ayi, ndikufuna GS." Kwa mnyamata wina wosamva, oyimbira amaliza wezulo n'kukweza kansalu kofiira nthawi imodzi. Zimenezo sizinadye ndi tambala yomwe.

Za mapepala ndidutsa mwachangu. Tinalemba malamulo a gulu masamba atatu, tinasankha komiti ya anthu khumi, n'kulemba m'malamulomo kuti mipando iwiri ndi ya aulumali, umodzi ndi wa agogo, iwiri ya achinyamata. Ndi kalata ya amfumu ija, ya a ADC (komiti ya chitukuko cha m'dera), mayina a mamembala ndi zokambirana za msonkhano, ndinakwera kabaza kupita kuboma kukadziwitsa ofesi ya achinyamata ndi ya zamasewera kukhonsolo. Tengani chiphaso cha unzika, ndipo chilichonse chimene mukusiya khalani ndi china chotsala nacho. Musapite mukuyembekezera kubwerako ndi ndalama. Phindu lake n'lakuti gulu limadziwika, ndipo kukakhala maphunziro a makochi kapena mpikisano mumamva nawo.

Nkhani ya ndalamayi ineneni poyera tsiku loyamba. Kwathu kuno anthu anazolowera kuti gulu likayamba ndiye kuti kuseri kuli bungwe, ndipo ena ankandikokera pambali kufunsa kuti, "Kodi kangachepe kazikhalapo?" Nditawauza kuti kulibe, m'malo mwake aliyense azisonkha K500 pamwezi ya mpira ndi laimu, ena anasiya kubwera, ndipo mpaka pano pali amene amakhulupirira kuti ndimadya ndekha. N'chifukwa chake msungichuma amawerenga ndalama mokweza pamaso pa onse Loweruka lomaliza la mwezi. Amene sangathe kusonkha amatunga madzi kapena kusesa, sitibweza munthu. Chisankho cha pa 16 September 2025 chitayandikira, ofuna mipando anayamba kubwera ndi mipira ndi zikho. Tinagwirizana kuti mpira tilandira kwa aliyense, koma nsalu ya chipani pabwalo isaoneke, poti osewera athu ndi a zipani zosiyana ndipo ashehe ndi abusa onse anatidalira. Mmodzi anakwiya n'kubwerera ndi mipira yake.

M'mwezi wa Ramazani mpira wothamanga timauimika, amene akufuna amangobwera kudzayenda mozungulira bwalo dzuwa litapepa, n'kubwerera msanga kukakonza zofutulu. Mvula ikagwa kanjira ka njinga kaja kamakokoloka ndipo timakasinjanso.

Apongozi anga tsopano ndi GK wa timu ya agogo. Sayenda n'komwe, amangoima pansi pa goli atatambasula manja ndi kukalipira aliyense wofuna kugoletsa. Chimene chatitsalira ndi chimbudzi. Cha pasukulupo chili ndi masitepe awiri ndi khomo lopapatiza, njinga singalowe, ndipo achimwene aja amasiya kumwa madzi kuyambira masana kuti asavutike. Anandiuza mwezi watha, atakhala akusewera nafe nthawi yonseyi osanena. Komiti ya sukulu yavomera kuti tikulitse khomo limodzi n'kuika potsetsereka. Njerwa taumba kale, zili pa uvuni, tikudikira kuti za simenti zikwane.