Zoti ndinamira pa Chilwa ndi bodza, ndinangonyowa

Poti mesho wanga, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, waifalitsa kale nkhaniyi Chikanda yonse kuno ku Zomba mpaka amayi ogulitsa mandazi ayamba kundiitana kuti a Kaputeni, bola ndiifotokoze ndekha isanafike poti anachita kundivuula ndi khoka limodzi ndi matemba. Palibe anandivuula. Ndinatuluka ndekha, ndi miyendo yangayi, ndipo mboni zilipo ngakhale kuti mbonizo nzomwe zikundiseka kwambiri.

Mukudziwa kale kuti holide yapitayi ndinalibe ya lendi, alandilodi anali atayamba kuyankha moni wanga ndi mphuno. Ankolo ali ndi mnzawo wa khoka ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, nde anangoti pita ukagwire ganyu ya ulovi, anyamata asukulu ambiri amapezera fizi konko nyanja isanatsekedwe nthawi ya mvula. Ine ndinati bho, nsomba ndimazidziwa. Kudziwa kwake nkoti ndili mwana ndinkaponya mbedza mu Likangala ndi nyongolotsi, komanso ndinaonapo anthu akuwedza nsomba za trout ku Mulunguzi pa phiri la Zomba paja ine ndikudya mabulosi chapatali. Pa CV zimenezo zimalembedwa.

Nde mmamawa tili m'bwato, kukuzizira, alovi onse ali duu, ine ndinaona kuti ndithandizeko ndi maphunziro. Ndinatulutsa foni, kutsegula Google Maps, nkuwauza madala eni khoka kuti tilowere chauko poti pakuoneka pabuluu kwambiri. Madalawo anayang'ana foni, anayang'ana ine, kenako anayang'ana kumwamba kwa nthawi ndithu. Akuti iwo nsomba amazipeza poona komwe mbalame zikutera, komwe mphepo yagonera usiku, m'mphepete mwa njeza momwe mlamba umabisala, ndi kumathiriro a mitsinje ngati Likangala ndi Domasi poti matemba amakonda madzi atsopano ndipo mvula ikagwa amakwera mitsinje yomweyo kukaswana. Zomveka ndithu, ndinazilemba mumtima. Koma anamaliza ndi mawu akuti, "Poti njira mukuidziwa ndinu a sukulu, gwirani nsungwiyi mutiperekeze."

Kwa amene simunafikeko, Chilwa ndi nyanja yosazama, chakugombe sapalasa, amangozika nsungwi yaitali pansi nkukankha bwato. Ukamaonera zimaoneka zophweka, mwana wa sitandade 4 amachita uku akudya nzimbe. Chomwe palibe anandiuza, ndipo ndikubwereza, PALIBE anandiuza, nchoti pansi pajapo ndi matope okhaokha ndipo nsungwi ukaizika umayenera kuipotoza nkuizula msanga bwato lisanakusiye. Ine ndinazika ndi mphamvu zonse za munthu wofuna kusangalatsa abwana. Bwato linathamanga bwino kwambiri, mpaka wina anati eeh. Nsungwi inakana kuzuka.

Apa panali zosankha ziwiri, kusiya nsungwi kapena kusiya bwato. Nsungwiyo inali ya eni ake ndipo ndinali nditauzidwa kuti chotayika chilichonse adula pa malipiro. Nde inuyo mukanatani?

Magaye, ndinatsala. Bwato linapita ndi anthu ake onse, ine ndili pakati pa nyanja nditakumbatira nsungwi manja ndi miyendo yomwe ngati mbewa yapampani. Ndipo chinthu chija sichinagwe nthawi yomweyo ayi, chikanagwa msanga bwenzi nkhani itathera pompo. Chinaima chilili. Chinandipatsa mpata woona dziko. Kutsogolo chilumba cha Chisi chili apo, kumbuyo phiri la Zomba likuoneka bwinobwino ndi kamtambo pamwamba, ndinafika poganiza kuti penapake pansi pa phiri limenelo anzanga ali m'mabulangete akudikira tiyi. Asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba tija amamanga pa njeza poyandama, anayamba kutuluka mmodzimmodzi, wina ali ndi mswachi mkamwa, wina anachita kubwerera mkati kukadzutsa mnzake. Palibe anakuwa, palibe anaseka. Amangoonera mwaulemu kudikira kuti ziona kutha bwanji. Mbalame ina yoyera inazungulira kawiri, ndikukhulupirira inkafuna kutera pamutu panga koma inaona kuti malowo sakhalitsa.

Kenako nsungwi inayamba kupendama. Pang'onopang'ono, mosapupuluma, moti ndinali ndi nthawi yosamutsa foni kuchoka m'thumba la kabudula kuika mkamwa, nkuona kuti sindingathe kukuwa, nkuibwezeranso m'thumba. Ndinayesa kukwera chammwamba, zomwe mesho wanga wa physics akuti ndi zomwe zinafulumizitsa zinthu, koma iyeyo analipo? Thako linayamba kukhudza madzi, kenako msana, kenako phava.

Zomwe ndinayankhula m'madzimo anthu akuzikometsera kwambiri nde ndinene zenizeni. Ndinakuwa kuti ndikumira, zoona. Ndinaitana mayi anga, zoonanso, munthu aliyense amatero. Zoti ndinalapa machimo onse kuyambira fomu 1 ndi bodza, ndinangotchula ngongole ya mandazi ndi ya mesho ya K5,000 kuti wina akawauze kuti ndinali ndi mtima wobweza. Apo nkuti china chake choterera chitandikhudza pa ntchafu, ine nkudziwa kuti basi ng'ona yafika, nde ndinakuwa PIN ya Airtel Money katatu momveka bwino kuti ndalama zanga zisapite pachabe. Munali K340.

Ndili mkati mophupha choncho, kumeza madzi amchere-mchere aja, ndinamva mawu pafupi penipeni ndi khutu langa, mawu odekha a munthu amene sakuthamangira kulikonse.

"Achimwene."

Ine phuu phuu.

"Achimwene, tangoimirirani."

Kutsegula maso, ndi gogo wina wake, wamfupi kuposa ine, waima chilili pambali panga mono uli m'manja, fodya ali pakamwa osazima nkomwe. Anali akuonjola mono zake pamenepo nthawi yonseyi. Ndinaimirira. Madzi analekeza m'chiuno. Chabwino, mmunsi pang'ono mwa chiuno. Gogo uja anandiyang'ana, nkuzula nsungwi ija ndi dzanja limodzi, kungoipotoza kamodzi basi, nkundipatsa, nkupitiriza ntchito yake. Ng'ona ija inali mlamba wothawa mu mono wake, ndipo anandiuza kuti ndamuthawitsira ndiwo.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna timvetsetsane. Madzi a Chilwa ndi amatope, ukaviika dzanja zala suziona, nde munthu ungadziwe bwanji kuti pansi pali pafupi? Chachiwiri, nditaimirira miyendo inalowa m'matope mpaka m'mawondo, kutanthauza kuti mukaphatikiza matope ndi madzi, malo amene aja ndi ozama kufika pachifuwa, kungoti masamu ake anthu sakufuna kuwamva. Komanso nyanja ija ili ndi malo ena akuti munthu sungaime, ndipo mphepo ikauka mabwato amagubuduzika ndithu, asodzi eni ake amaiopa. Kungoti ine ndinagwera mbali yolakwika.

Koma ayi, anzanga akuti iwe ungamire bwanji m'nyanja yomwe imaphwa. Wina mpaka wachita kundiwerengera zaka pa gulu la WhatsApp, akuti inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, mu 2018 mabwato anangokhala pa matope ong'ambika pa Kachulu pomwepo, akuti ukanangodikira pa nsungwipo zaka zingapo ukanatsika pouma. Mxii. Anthu omwewa akamabwera kudzapempha matemba amagogoda mwaulemu.

Madala eni khoka sanandichotse ntchito, anthu abwino. Anangoti luso langa likuoneka kuti ndi lapamtunda, nde anandipereka kwa amayi oyanika matemba pa thandala kuti ndizitembenuza nsomba ndi kuthamangitsa akhwangwala. Ntchito imeneyo musaiderere, matemba ukachedwa kuwatembenuza amamatirira nkuyamba kununkha ndipo ogula ochokera ku Limbe amagwetsa mtengo akangonunkhiza kamodzi. Vuto linali amayiwo. Ndikangonyamuka kuti ndikamwe madzi wina amati, "Mwanawe samala, chidebecho nchozama." Tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse amaseka mofanana mpaka kugwirana mapewa.

Foni ndinaikwirira mu mpunga masiku angapo, mwayi wake mpunga kumeneko si wosowa, ndipo inadzuka ngakhale sipika yake ikumveka ngati munthu akuyankhulira m'madzi... zomwe mesho akuti nzoyenera mwini wake. PIN ndinasintha tsiku lomwelo poti ana a padoko anali atailoweza, ndikamadutsa amaiimba mogwirizana wina kutsogolera ena kuvomera. Ndamva kuti mpaka pano akuimbabe, ena akuiyesa nambala ya bwato.

Lendi ndinalipira theka. Ya mandazi ndinabweza, nde amayi aja asiye za Kaputeni. Pata-pata wanga wakumanzere anatsala m'matope momwe muja, wabuluu, saizi 9, ngati nyanja idzaphwenso wina akamuona andiuze. Wakumanja ndikusungabe.