Injini ya boti masiku amene mwezi ukuwala

Mwezi ukangoyamba kuwala bwino usipa subweranso ku nyali zimene timaukopera usiku, aliyense wopha ndi ukonde wa chilimira amadziwa zimenezi, ndiye maboti amangokhala pagombe sabata yonse kapena kuposera apo. Nthawi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, nakonso zimachitika kukhala masiku angapo osalowa mmadzi. Alovi, anyamata okoka ukonde pa boti, amabalalika, wina kumudzi wina kukaona ana, siginala, wotsogolera ndi nyali uja, naye wapita, injini yangosiyidwa mmene inafikira mmawa wa tsiku lomaliza lija. Kuno ku Senga Bay mainjini ambiri amene ndawaona akunyamulidwa kupita kwa makaniko sanaonongekere panyanja ayi, anaonongeka ali chikhalire kumtunda masiku omwewa, ndipo zimandipweteka chifukwa injini ndi chuma chachikulu kuposa boti lenilenilo, mabanja onse a alovi amadya pamenepo.

Choyamba ndi petulo, ndipo apa ndichedwapo. Petulo wathu kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, kenako ina inabwera ku Chikwawa. Pagalimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto, koma ethanol amakoka madzi a mumpweya, ndipo kunyanja kuno chinyezi sichisowa. Petulo akakhalitsa mu tanki yosatseka bwino, madzi aja ndi ethanol zimatsikira pansi, pamene paipi imayamwira pomwepo. Ndiye onjezanipo kuti mafuta akasowa ku ma filling station ambiri timagula wa mzigubu, amene sitidziwa wakhala masiku angati komanso chigubucho munali chani poyamba. Mu kabureta namo petulo wotsalira amauma pang'onopang'ono nkusiya zomata zachikasu zimene zimatseka timabowo ta ma jeti, tating'ono kwambiri moti nkanthu kochepa kokha injini yayamba kutsamwa. Tsiku lobwerera panyanja munthu akoka chingwe mpaka phewa kuwawa, nkumati injini yakalamba, pamene ndi petulo wa sabata yatha.

Ine mmene ndimachitira ndi mwana amene amagwira injini yanga ndi chonchi: tikafika ulendo womaliza, boti likadali mmadzi, giya ili pa neutral, amazula paipi ya mafuta ku injini nkuisiya ikulira pang'onopang'ono mpaka itazima yokha. Osaipatsa moto wambiri ayi, chifukwa mu injini za 2-stroke ngati Yamaha Enduro 15 zimene zadzaza mmadoko muno oilo amayendera limodzi ndi petulo, petulo akamatha ndiye kuti oilonso akutha. Ikazima timamasula kasikuluwu ka pansi pa kabureta kuti kotsalako kadonthe. Tanki timatseka kabowo ka mpweya ka pachivindikiro nkuiika pamthunzi, kutali ndi moto wophikira. Posakaniza, muyezo wa injini zimenezi ndi 50:1, kutanthauza malita 20 a petulo oilo wake mamililita 400, ndipo akhale oilo wa 2T wa injini za mmadzi, osati wotsala mu galimoto. Ndipo musasakanize wambiri ngati mukudziwa kuti mwezi watsala pang'ono kuwala, sakanizani wokwana ulendo umenewo basi.

Chachiwiri ndi kanyamulidwe. Anyamata akaichotsa pa boti amakonda kuiponya paphewa pulopela ili mmwamba, kapena kuigoneka pamchenga mutu uli chotsika. Mu mwendo wa injini, mbali ya kumunsi yolowa mmadzi ija, mumakhala mudakali madzi, ndipo mutu ukatsika madziwo amatsata njira ya utsi nkukalowa mu ma silinda. Simuona kanthu tsiku lomwelo, koma pakatha sabata mkati mwachita dzimbiri, mabering'i ayamba kulira. Injini iziyamba yaima chilili kwa kanthawi kuti madzi onse atsike, ndipo kosungirako ikhalenso choimirira. Thabwa lolimba lokhomera pa mitengo iwiri mnyumba ndi lokwanira, mumaimangirira ndi ma kilampu ake omwe aja ngati ili pa boti. Pansi pa simenti kapena padothi ayi.

Anzathu a ku Beira kapena ku Pemba amalimbana ndi mchere, ife nyanja yathu ilibe mchere ndiye ena amaganiza kuti kutsuka nkosafunika. Mdani wathu ndi mchenga. Pofika pagombe injini ikapalasa pansi imayamwa mchenga, ndipo umakadya ka impela ka labala kamene kamapopa madzi oziziritsa. Ngati mwaona kuti sikukodza bwino, kamadzi koziziritsa kamene injini imatulutsa ikamalira kakutuluka modukizadukiza, musadikire ulendo wina, masiku opumawa ndiye nthawi yake yoti makaniko atsegule. Ndipo chonde abale, injini osailiza kumtunda yopanda madzi, ngakhale kungoti timve ngati ikulira. Impela ikazungulira youma imapsa nthawi yomweyo. Ngati mukufuna kuiyesa kunyumba ikani mwendo mu diramu la madzi, madziwo apitirire bwino timabowo toyamwira tija.

Chimene ambiri sachita nkomwe ndi kuchotsa pulopela. Ntchito yathu ndi ya maukonde, ulusi umakoledwa kumbuyo kwa pulopela osaoneka, ukamazungulira umadula seal ya giya, madzi nkuyamba kulowa. Chotsani pini ndi nati, solola pulopela, chotsani ulusi wonse, pakani girisi pa shafiti nkubwezeretsa. Pomwepo masulani pang'ono sikuluwu ya pansi ya giya muone oilo amene akutuluka. Akakhala woyererako ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowa, asinthidwe ndipo seal ionedwe injini isanagone, chifukwa magiya akagona mmadzi sabata ziwiri mtengo wake mudzaumva. Oilo wake ndi wa giya SAE 90, amathiridwa kuchokera kubowo la pansi mpaka atatulukira kubowo la mmwamba, osati kuthira chapamwamba monga ena amachitira, mumatsala mpweya.

Ikakhala kuti ikhala nthawi yaitali, mwina boti likukonzedwa kapena ndi nyengo yotseka nyanja, timachotsa mapulagi, kuthira oilo wa 2T pang'ono ngati kasupuni mu bowo lililonse, kukoka chingwe pang'onopang'ono kangapo kuti oilo afalikire, nkubwezeretsa mapulagi. Ikadzalira koyamba idzafuka utsi wambiri, musadabwe.

Za kuphimba, nsalu kapena chiguduli zili bwino kuposa pepala la pulasitiki lomangidwa thinathina, pulasitiki imasunga thukuta mkati. Makoswe amakonda kulowa pansi pa chivindikiro nkudya mawaya, ndipo mavu aja omanga ndi dothi amatseka kabowo kokodzera, choncho muziisuzumira masiku ena aliwonse. Akuba nawo amadziwa bwino lomwe kuti mwezi ukawala kugombe kulibe anthu. Yanga imagona mnyumba, pa tcheni ndi loko, ndipo nambala yake imene ili pa kachitsulo ka pa bulaketi ndinailemba mu buku komanso ndinaijambula pa foni, kuti ikadzasowa kupolisi ndikhale ndi chonena.

Koma zonsezi sizitheka ngati injini ili ya aliyense. Pa boti pamakhala anthu ambiri, aliyense amaganiza kuti mnzake wazula paipi, mnzake waona oilo. Eni maboti anzanga, sankhani munthu mmodzi, mumuonetse bwinobwino kamodzi kapena kawiri muli pomwepo, ndipo pogawana ndalama muzimuonjezera kangachepe ka ntchito imeneyi, chifukwa amatsala pagombe anzake atapita kukagona. Kutatsala tsiku limodzi kuti mdima ubwerere, yemweyo ndi amene aitulutse, akhutchumule tanki kuti oilo asakanikirane ndi petulo, apope mpira wa pa paipi ya mafuta mpaka ulimbe, ailize mu diramu kapena pa boti pafupi ndi gombe, aone ngati ikukodza komanso ngati magiya akulowa kutsogolo ndi kumbuyo. Chikapezeka cholakwika masana amenewo makaniko akadalipo ndipo masitolo a sipeya ku Salima akadali otsegula.