Zikomo azakhali, zikomo nonse: ndamaliza

Abale ndi anzanga, zatheka. Dzina langa latuluka pa mndandanda wa omaliza maphunziro ku Chanco. Anzanga amene tinayambira limodzi anavala kale magauni awo, ine ndabwera m'mbuyo, koma ndafika. Ambuye alemekezeke. Mauthenga akungolowabe pa WhatsApp ndipo mutu sukugwira chifukwa cha tulo, ndiye aliyense alandire zikomo wake pompano.

Ambiri mukudziwa mmene zinthu zinasokonekera bambo atatisiya. Maliro, nkhawa ya fizi, usiku osagona, kenako zii. Munthu amene ndinkalawirira ku laibulale ndinayamba kugona mpaka dzuwa kufika paliwombo. Ndikadzuka ndinkakhala m'mphepete mwa bedi m'kachipinda kanga ka ku Chikanda, laputopu ili apo, zoti ndilembe ndikuzidziwa bwino lomwe, koma kuti dzanja lifike pa batani loyatsira, ayi ndithu. Nsima wina akandiikira pafupi ndinkadya mpaka kumaliza. Koma kuti ndinyamuke ndekha kukagula ufa ndi makala, bola kugona ndi njala.

Azakhali anga a ku Chinamwali, inu ndiye sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Mutamva kwa amayi kuti sindikuyankha foni, munasiyira mnzanu benchi yanu ya tomato n'kukwera kabaza. Simunandifunse mafunso. Munatsegula zenera, munatola mbale zomwe zinali zitachita nkhungu pansi pa bedi, munazitsuka panja anthu akuona, kenako munati, "Iwe, longedza, tikupita kunyumba." Basi.

Ndi inu munanditengera kuchipatala pamene ena m'banja mwathu ankati ndalodzedwa, ena ankati ndi ulesi wa ana ophunzira. Tonse tikudziwa mmene mawu oti "ku mental" amamvekera kuno ku Zomba, anthu a m'maboma ena amatiseka nawo. Ine ndinkayenda chozolika kuopa kuti wina andizindikira pageti. Inu munali patsogolo, mukupereka moni kwa aliyense wokumana naye.

Adokotala anayamba ndi kundiyeza magazi, poti kuchepa kwa magazi komanso vuto la chithokomiro nazonso zimafooketsa munthu chimodzimodzi. Kumeneko kunalibe vuto. Anati ndi depression, matenda ovutika maganizo, ndipo anatenga nthawi kundifotokozera chinthu chomwe chinandichotsera manyazi amene ndinali nditawasenza. Maselo a mu ubongo amatumizirana mauthenga kudzera m'timadzi tosiyanasiyana. Kamodzi mwa timadzito ndi dopamine. Anthu amati ndi ka chisangalalo, koma ntchito yake ina yaikulu ndi kuuza munthu kuti chinthu ichi n'choyenera kuchivutikira, nyamuka. Nkhawa ikakhalitsa, thupi likumangotulutsa cortisol, kamadzi ka nthawi ya nkhawa, osapuma, tulo titasowa, dongosolo limeneli limafooka. Munthu umadziwa chofunika kuchita, umachifunanso ndi nzeru zako, koma mphamvu yoyambira palibe.

Nditayamba kupeza bwino ndinakawerenga ndekha, paja mwana wa Chanco sakhutira ndi kumva. John Salamone wa ku University of Connecticut anayesa izi pa makoswe. Mbali imodzi anaika chakudya chambiri kuseri kwa kakhoma koti khoswe akwere, mbali ina chakudya chochepa koma chili poyera. Khoswe wabwinobwino amakwera kakhomako. Koma amene amuchepetsera dopamine m'kagawo ka ubongo kotchedwa nucleus accumbens amangopita pa chochepacho. Njala ali nayo, chakudya akuchikonda, ndipo ukachotsa kakhoma amasankhanso chambiri chija. Chamuthera ndi mtima woti avutikire. Nditawerenga pamenepo ndinaseka ndekha misozi ili m'maso, chifukwa ndinakumbukira nsima ija ya ku Chikanda.

Pa anthu zinayesedwanso. Mu 2012 Michael Treadway ndi David Zald a ku Vanderbilt University anaunika ubongo wa anthu 25 omwe ankasankha pakati pa ntchito yophweka ya ndalama yochepa ndi yovuta ya ndalama yochulukirapo. Amene ankalimbikira yovuta anali ndi dopamine wambiri m'chigawo cha mkati mwa ubongo chotchedwa striatum ndi m'chigawo china cha kutsogolo kwa ubongo. Amene ankaizemba nawonso anali naye wambiri, koma kwina, m'chigawo chotchedwa insula. Choncho nkhani si kuchuluka kokha ayi, komanso malo amene akugwira. N'chifukwa chake ndimakwiya ndi timavidiyo ta pa TikTok togulitsa timabotolo ati towonjezera dopamine. Ndipo musandimve molakwa, sindikunena kuti ulesi kulibe. Ulipo, tonse tili nawo achibale otero. Koma munthu amene munkamudziwa kuti ndi wakhama akangozima mwadzidzidzi, mufunseni kaye musanamupatse dzina.

Azakhali, inu zonsezi simunaziwerenge, koma munazichita. Adokotala anati ndisamadikire kuti chilakolako chibwere kaye, ndiziyamba ndi kanthu kakang'ono, chilakolako chimatsatira pambuyo. Inu munazinena mwanjira yanu tili m'njira yobwerera: "Minibasi yakufa batire sailiza ili chiimire, amayamba aikankha." Ndipo munandikankhadi. M'mawa woyamba munangondiikira dengu pakhonde n'kunena kuti ndipatule tomato wakupsa ndi wosapsa. Ndinachita mokwiya, ndikuganiza kuti mukundiyesa mwana. Nditamaliza munayang'ana milu iwiri ija n'kunena kuti, "Waona? Lero wagwira ntchito." Kenako inali ntchito yonyamula dengulo kukafika nalo kumsewu. Kenako kukhala nanu pabenchi, kuwerengera makasitomala chenji, dzuwa likundiwomba, ndikumva phokoso la anthu. Patapita nthawi lamulo linasintha: tsamba limodzi la kafukufuku wanga ndisanadye nkhomaliro. Limodzi lokha. Ndikati ndilembe ambiri munkandiletsa, munkati mawa kulinso tsiku. Mutu wachinayi wonse ndinaulembera pa kampando ka m'khitchini mwanu, utsi wa mbaula ukundilowa m'maso.

Za mankhwalanso. Amene anandipatsa amagwira kwambiri pa serotonin, kamadzi kenanso ka mu ubongo, ndipo adokotala ananeneratu kuti matendawa sayamba ndi kamadzi kamodzi kokha, komanso kuti padutsa masabata angapo ndisanaone kusintha. Poyamba ankangondipatsa nseru. Ndinkafuna kuwataya. Inu munawasunga m'kachitini pamwamba pa kabati, m'mawa uliwonse kapu ya madzi m'manja, mukundiyang'ana mpaka nditameza. Tsiku lina ndinakuyankhani mawu oipa kwambiri, munangotuluka kukasesa panja, pobwera munandibweretsera chitumbuwa chotentha. Mulungu wa kumwamba akuonjezereni masiku, azakhali. Benchi yanu isaume, ana anu asadzasowe wowagwira dzanja.

Amayi, zikomo popirira. Munali mukulira amuna anu, pomwepo mukuopanso kutaya mwana, koma foni yanu sinkaphonya madzulo. Aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga, munandilandiranso osandichititsa manyazi, munangoti tiyambire pamene tinasiyira. Alandilodi a ku Chikanda, munasunga katundu wanga osandiwerengera lendi ya miyezi imene sindinalimo, zimenezo sizichitikachitika. Anzanga a kwaya, munabwera kudzaimba pakhonde la azakhali ine ndikukana kutuluka, ndinkakumvani ndithu. Anamwino ndi adokotala, mumagwira ntchito imene anthu amaiseka mpaka tsiku limene adzaifune. Achimwene amene munkanditengera mabuku ku laibulale, ndikudziwa simufuna kutchulidwa, ndiye ndalekera pomwepa.

Enanu amene munkafalitsa kuti ndayamba chamba, kuti sukulu yandizunguza mutu, inu amene munawoloka msewu pa Mpondabwino mutandiona ndikubwera ndi dengu pamutu, ndaona kuti lero mwalemba ndemanga zazitali kwambiri, zodzaza ndi timitima. Ndaziwerenga. Sindisunga mangawa, mphamvu zake ndilibe. Koma amene mukufunsa za makhadi olowera ku Great Hall, pepani, ndi ochepa ndipo ali kale ndi eni ake.

Sindinachiriretu. Mankhwala ndikumwabe, ndipo sindiwasiya mpaka adokotala atanena okha, chifukwa osiya mwadzidzidzi amatha kubwerera m'mbuyo. Masiku ena m'mawa kumalemerabe, ndimayamba ndi kuyala bedi basi. Ngati muli ndi wanu amene wangozima chonchi, mundilembere ku inbox, ndikuuzani mmene ife tinayendera, ndipo ngati n'kotheka ndikuperekezani.

Azakhali, mwana wanu akakuwerengerani izi musakalipe kuti ndakuikani pa Facebook. Khadi loyamba ndi lanu, mukakhala pafupi ndi amayi. Nsalu ndagula kale, atelala akudikira muyezo wanu Lachiwiri, ndipo nthawi imeneyo pabenchi ndikhalapo ine.