Loweruka lachitatu ndi Aqua: lero ndatsegula batire

Lero ndalimba mtima ndatsegula batire lalikulu la Aqua ija. Kwa amene simunaone zoyambazo, ndi Toyota Aqua ya 2013, galimoto yoyendera petulo ndi magetsi (hybrid), yomwe ndinagula motchipa chifukwa nyali yochenjeza inkangoyaka. Nditalumikiza kachipangizo ka OBD kowerengera mavuto a galimoto, kanaonetsa nambala ya P0A80, kusonyeza kuti batire lafooka.

Ine ndinaphunzirira sipanala pa injini ya 5A ya Corolla ya amalume. Imene ija unkangotchera khutu n'kudziwa pomwe pavuta. Kuno khutu lilibe ntchito. Batire lili pansi pa mpando wakumbuyo, ma module (zigawo za batire) 20 a mavoti 7.2 iliyonse, onse pamodzi 144, ndipo magetsi oterewa amapha munthu. Choncho ndinayamba ndazula pulagi ya olenji yodula magetsi, n'kudikira mphindi 10, magolovesi a rabala ali m'manja.

Chimene chandidabwitsa ndi fani yoziziritsa batire. Inali itatsekeka ndi fumbi ndi tsitsi, gwaa ngati chisa cha mbewa. Misewu yathu yafumbi m'mwezi wa Okutobala, galasi lili lotsegula, zonse zimakathera mmenemo. Batire likamasowa mpweya limatentha, likatentha limakalamba msanga. Ndatha ola lathunthu ndikupukuta mapiko ake ndi mswachi wakale, ndipo ndinamva chisoni, chifukwa ntchito yaing'ono ngati imeneyi ikanalisunga batireli zaka zingapo.

Kenaka ndayeza mavoti a ma module ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi. Okwana 19 ali pakati pa 7.6 ndi 7.8. Imodzi yokha, ya pakatikati pomwe kumatentha kwambiri, ili pa 6.4. Selo imodzi mwa 6 zamkati mwake yafa.

Madzulo anabwera aneba anga ndi mawu awo a masiku onse: "Achimwene, mukanangogula Corolla ya injini ya 1NZ, bwenzi mukugona tulo." Sindiwatsutsa kwenikweni. Koma nanga galimoto zoterozo tidzazipezabe mpaka liti? Galimoto zomwe timaitanitsa ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe ndi zimene anthu akumeneko anapanga zaka khumi zapitazo, ndipo malamulo a utsi ndi mafuta anawakankhira ku injini zazing'ono. Toyota Auris inalandira injini ya malita 1.2 ya turbo mu 2015. Ngakhale Land Cruiser 300 itatuluka mu 2021 inasiya V8 n'kutenga V6 ya ma turbo awiri. Injini zimenezi mphamvu zili nazo, mafuta zimamwa pang'ono, koma sizikhululuka ukachedwa kusintha oilo monga inkachitira 5A. Ndiye ine ndasankha kuphunzira panopa manja adakali olimba.

Sabata yamawa ndikasakasaka module yochokera mu Aqua ina yomwe inachita ngozi. Vuto n'lakuti iyenera kufanana mphamvu ndi zinzake 19 zija, apo ayi nyali idzayakanso pakangopita miyezi yochepa. Pakadali pano mpando wakumbuyo uli pabalaza, ndipo ana ndawaletsa kufika pagalaja.