Buku Limene Linakana Kutha

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti ndili ndi nthenda imodzi imene madokotala saiwerengera m'gulu la matenda. Ndikaona mabuku ataunjikidwa pamalo amodzi, pamwamba pake pali chikwangwani cholengeza kuti mtengo watsitsidwa, miyendo yanga imaima yokha ndipo dzanja limalowa m'thumba ndisanaliuze. Anthu a ku Japan ali ndi mawu akuti tsundoku, otanthauza chizolowezi chogula mabuku n'kumangowaunjika m'nyumba osawerenga. Tsiku limene ndinamva mawu amenewa ndinasangalala kwambiri, pakuti ndinazindikira kuti nthenda yanga ili ndi dzina komanso kuti odwala anzanga ndi ambiri. Mayi a kunyumba kwanga sanakondwere nawo. Iwo anangofunsa ngati anthu a ku Japanwo alinso ndi mawu otanthauza munthu amene amasesa kuzungulira milu imeneyo.

Loweruka lina ndinapeza wogulitsa mabuku wina, bambo wachikulire wa magalasi okhuthala, akuchotsa katundu wakale kuti apeze malo oikapo watsopano. Tsiku limenelo sankagulitsa limodzilimodzi ayi, koma katoni yathunthu. Wogula amadzaza yekha, ndipo malinga chivindikiro chitsekeke, mtengo unali umodzimodzi. Lamulo lotere limasintha munthu. Ine amene masiku onse ndimayamba ndawerenga tsamba loyamba ndi kulingalira mofatsa, ndinasanduka mmisiri womanga nyumba, woyeza buku lililonse m'litali ndi m'lifupi ngati njerwa. Ndinasiya buku limene ndinkalifuna kwa zaka zambiri chifukwa linali lonenepa, n'kutenga awiri opyapyala amene sindinawamvepo chifukwa ankalowa bwino pakona. Pomaliza ndinagwada pa chivindikiro kuti chitsekeke, ndipo mkati munali mabuku 41.

Sikuti ndinali wosadziwa kuti mabuku otchipa amakhala ndi zifukwa zake. Ambiri mwa iwo anali ndi mzere wa inki yakuda m'mphepete mwa masamba cha kumunsi, chimene ndi chizindikiro choikidwa pa mabuku amene akanika kugulika pa mtengo wake woyamba, kuti wina asadzawabweze kwa osindikiza ngati atsopano. Ena anali atachita chikasu, chifukwa pepala lotchipa limapangidwa ndi mitengo yopera imene imatsalira ndi lignin, chinthu chachilengedwe cholimbitsa mtengo, ndipo chinthu chimenechi chikakumana ndi kuwala komanso mpweya chimasintha mtundu. Zonsezi ndinkazidziwa, ndipo ndinkaziona ngati zipsera za msilikali amene wabwerako kunkhondo ali moyo. Chimene sindinachite, ngakhale pa buku limodzi, ndi kutsegula kumapeto kuti ndione ngati mapetowo alipo.

Nditafika kunyumba, vuto linali la kasanjidwe. Malaibulale ambiri amatsata njira imene Melvil Dewey, katswiri wa malaibulale wa ku America, anafalitsa mu 1876, yogawa nzeru zonse za anthu m'magulu khumi, kuyambira pa 000 mpaka pa 999. Njira imeneyi ndimailemekeza, koma inakonzedwa kuti ithandize munthu amene akudziwa chimene akufuna. Ine madzulo sindifika pa shelefu ndikufuna mbiri kapena sayansi. Ndimafika nditatopa, nditakwiya, kapena mtima uli myaa popanda chifukwa chodziwika. Choncho ndinaganiza zosanja mabukuwo motsata mmene mtima umakhalira. Ndinadzilimbitsa mtima pokumbukira kuti Allen Lane, wofalitsa mabuku wa ku Britain, atayambitsa mabuku a Penguin mu 1935, zikuto zake zinkasiyanitsidwa ndi mitundu: mtundu wa lalanje unali wa nthano, wobiriwira wa nkhani za upandu, ndipo wabuluu woderako unali wa mbiri za moyo wa anthu. Ngati akatswiri anaona kuti wowerenga angathe kusankha buku ali chapatali poona mtundu wokha, ine ndikanalephera bwanji kupititsa nzeruyo patsogolo pang'ono?

Ndinadula timapepala tinayi n'kumata pa mashelefu. Kena ndinalembapo kuti "Pamene ndatopa", kena "Pamene ndakwiya", kena "Pamene ndikufuna kuseka", ndipo komaliza "Pamene tulo tasowa". Chovuta chinali chimodzi chokha, chimene pa nthawiyo ndinachiyesa chaching'ono: mabuku 41 onsewo ndinali ndisanawerengeko ngakhale limodzi. Ndinkaligamula buku poona chithunzi cha pachikuto ndi mizere ingapo yolembedwa kumbuyo kwake, yomwe, monga aliyense akudziwa, imalembedwa ndi anthu ofuna kuti bukulo ligulidwe. Mayi a kunyumba anaima pakhomo akundiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati: "Abambo, pitirizani. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha."

Nyangayo inayamba kufota sabata yomweyo. Lachiwiri ndinatenga buku pa shelefu ya kuseka, limene pachikuto pake panali galu wotulutsa lilime mokondwa. Galuyo anafa m'mutu wachisanu, ndipo mitu yotsalayo inali ya mwini wake akumulira. Lachinayi ndinatenga lina pa shelefu ya kutopa, n'kupeza kuti linali gawo lachiwiri la nthano ya magawo atatu, moti anthu onse a m'menemo ankakangana za chinthu chimene chinachitika m'buku limene ndinalibe. Izi ndinaziona ngati zolakwika zazing'ono zimene zimapezeka m'ntchito iliyonse yatsopano, ndipo ndinangosuntha mabukuwo mwakachetechete.

Tsoka lenileni linadza usiku wa Lamlungu. Mawa lake ndinali ndi msonkhano wofunika kuntchito, ndipo monga zimakhalira pamene munthu akufunitsitsa kugona msanga, tulo tinathawa. Ndinapita pa shelefu yachinayi, imene ndinaikapo mabuku ooneka otopetsa, oti munthu akawerenga masamba atatu zikope zimalemera zokha. Ndinasankha lina la chikuto chofuwa, chojambulidwa nyumba yotuwa ndi mtengo wopanda masamba. Ndinali wotsimikiza kuti ndi nkhani ya munthu wokalamba wokumbukira ubwana wake.

Munthu wokalambayo analimodi, koma anapezeka atafa pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, m'chipinda chokiyidwa cha mkati. Inali nkhani ya upandu, ndipo ndikunena mopanda mantha kuti inali yolembedwa mwaluso kuposa zambiri zimene ndinagulapo pa mtengo wokwera. Oganiziridwa analipo asanu: dokotala wa malemuyo, mlembi wake, mdzukulu wokonda ngongole, mkazi wamasiye wosalira, ndi wantchito wa m'nyumba amene ankamva zonse koma osanena kanthu. Pofika pakati pa usiku ndinali nditakhala tsonga pabedi, pepala ndi pensulo zili pabondo, ndikulemba kumene aliyense anali pa nthawi imene nyali ya m'chipindamo inazima. Dokotala ndinamulemba mzere kunsi kawiri. Za msonkhano ndinaiwala, ndipo nthawi iliyonse ndikayang'ana wotchi ndinkadziuza kuti ndingomaliza mutu umodzi wokha, bodza limene wowerenga aliyense amalidziwa bwino.

Cha m'ma 2 koloko usiku ndinafika pa tsamba 288. Wapolisi wofufuza anali atasonkhanitsa anthu asanu aja m'chipinda chochezera, atatseka chitseko, ndi kufotokoza mmene kiyi anatulukira m'chipinda chokiyidwa. Kenaka anaimirira, anakweza chala, ndipo mzere womaliza wa tsambalo unali wakuti iye anatembenuka pang'onopang'ono n'kunena kuti munthu amene anachita zimenezi ndi... Ndinapumira m'mwamba, ndinanyowetsa chala, ndipo ndinatembenuza tsamba.

Wapolisi uja anali pa siteshoni ya sitima, akugula tikiti.

Apa ndi pamene pali manyazi anga enieni, ndipo ndikanatha kupabisa. Sindinakayikire chilichonse. M'malo mwake ndinagwedeza mutu mogoma, ndikunena mumtima kuti wolemba uyu ndi katswiri, pakuti watisiya chala chili m'mwamba n'kutibweza m'mbuyo kuti tione ndi maso atsopano zimene tinaziphonya. Ndinawerenganso za ulendo wa pa sitimawo mosamala kwambiri, ndikufufuza mawu amene asintha. Nditaona kuti palibe liwu ngakhale limodzi losintha, ndinagoma koposa, chifukwa ndinati kubwereza ndime yonse osasintha kanthu kumafuna kulimba mtima kumene olemba ochepa okha ali nako. Ndinawerenga masamba khumi ndi limodzi mwa njira imeneyi, ndipo chisangalalo chitandikulira ndinadzutsa mayi a kunyumba kuti ndiwauze za luso lodabwitsali.

Iwo anatenga bukulo ndi diso limodzi lotsegula, anabwerera m'mbuyo masamba angapo, anayang'ana pakona ya m'munsi, kenaka anandibwezera. "Abambo," anatero mofatsa, "kodi kusukulu kwanu ankaphunzitsa kuti 288 ikatha pamabwera 257?" Atanena zimenezi anatembenukira kukhoma n'kugona tulo tabwino timene ine ndinkatifuna.

Ndinatsegula kumapeto manja akunjenjemera. Tsamba lomaliza la bukulo linalinso 288, wapolisi ataimirira, chala chili m'mwamba. Chimene chinachitika n'chodziwika kwa onse ogwira ntchito yosindikiza. Buku silisindikizidwa tsamba limodzilimodzi; masamba ambiri, kawirikawiri 16 kapena 32, amasindikizidwa pa chipepala chimodzi chachikulu, chimene chimapindidwa n'kukhala kamtolo. Timitolo timeneti timasanjidwa motsatana, kenaka n'kumatidwa kapena kusokedwa pamodzi. Wina akaika mulu wolakwika pa malo ena m'makina osanjira, kamtolo kamodzi kamalowa kawiri ndipo kena kamatsala. M'buku langa, masamba 257 mpaka 288 analowa kawiri, pamene masamba 289 mpaka 320 sanalowemo n'komwe. Kunenepa kwa bukulo kunali koyenera, kulemera kwake kunali koyenera, ndipo likatsekedwa palibe amene akanadziwa kuti wakupha mulibe. Chikomekome cha mkuyu akuluakulu ankanena chija ndinachiona usiku umenewo.

Za msonkhano wa Lolemba ndingonena kuti ndinalipo, ndipo pamene wapampando anakweza chala kuti anene mfundo yomaliza, ndinadzidzimuka mooneka ndi aliyense.

Loweruka lotsatira ndinabwerera kwa bambo wa magalasi uja, mawu aukali nditawakonza kale panjira. Anandimvetsera mwaulemu, anatsegula bukulo, anaona manambala, ndipo sanadabwe ngakhale pang'ono. Anandikumbutsa kuti zogula pa katoni sizibwezedwa, koma anati chifukwa ndine kasitomala wake, andisinthira ndi lina. Pansi pa tebulo anali nawo asanu ofanana nalo. Tinatsegula loyamba kumapeto: tsamba 288, chala m'mwamba. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofika pa lachisanu, bamboyo anavula magalasi, anawapukuta, n'kunena kuti tsopano wamvetsa chifukwa chake amene anamugulitsa mabukuwo sanavute pa mtengo.

"Koma musadandaule, bwana," anatero. "Bukuli ine ndinaliwerenga kalekale lili lathunthu. Wakupha ndi wolima maluwa."

"Bambo," ndinayankha, "ndawerenga masamba 288, ena mwa iwo kawiri. M'nkhaniyi mulibe wolima maluwa. Ngakhale maluwa enieniwo mulibe."

"Ndiye mwaona kuchenjera kwake," anatero iye osaphethira. "N'chifukwa chake palibe amene anamuganizira. Amatulukira m'masamba amene mulibewo."

Ndinamuyang'ana kwa nthawi yaitali kuti ndione ngati aseke, koma nkhope yake inali ngati ya woweruza milandu. Pofuna kundipepesa, anati ndikadzaza katoni ina andiwonjezera mabuku awiri aulere. Ndikufuna zidziwike kuti ndinakana kawiri. Ndikufunanso zidziwike kuti ulendo uno buku lililonse ndinalitsegula kumapeto ndisanaliike m'katoni, ndipo chifukwa cha kusamala kumeneku tsopano ndikudziwa mathero a nthano 38 zimene sindinayambe kuwerenga, kuphatikizapo ziwiri za upandu zimene maina a akupha ake ndinawaona pa mzere womaliza.

Nditalowa m'nyumba ndi katoni yachiwiriyo, mayi a kunyumba sananene kanthu. Anatenga kapepala, analembapo mawu, n'kumata pa chivindikiro. Nditawerama kuti ndione, panalembedwa kuti "Pamene nzeru zatha".

Ndinayesapo kufufuza buku lathunthu pa intaneti pogwiritsa ntchito nambala yake ya ISBN, yomwe ndi nambala yozindikiritsa buku, imene inali ya manambala khumi chifukwa linasindikizidwa chisanafike chaka cha 2007 pamene anayamba kugwiritsa ntchito manambala 13. Ndinalipeza limodzi, koma mtengo wake pamodzi ndi wotumizira unaposa wa makatoni awiri aja, ndipo mtima wa munthu wogula zotchipa sunalole. Buku lopanda mapeto lija ndinalichotsa pa shelefu ya kusowa tulo n'kuliika pa ya "Pamene ndakwiya", ndipo mpaka lero ndi lokhalo m'nyumba muno limene lili pa malo ake oyenera. Ine ndikumukayikirabe dokotala. Mayi a kunyumba, amene sanawerengeko mzere ngakhale umodzi kupatula manambala a masamba, akuti ndi wolima maluwa.