Tsiku limene ndinamera tsumba

Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu ndi ntchito yoti akafotokoze za madainoso a mlomo ngati wa bakha, aja akatswiri amati ma hadrosaur. Ine ndikawerenga masamba awiri ndimadziona ngati pulofesa, ndiye ndinati, "Usadandaule, bambo ako ndilipo."

Ndinamuuza kuti banja limeneli lili ndi mafuko awiri. A Lambeosaurinae anali ndi tsumba la fupa lamphako mkati, pomwe a Saurolophinae tsumba lawo linali lopanda mphako, ndipo ena monga Edmontosaurus analibe tsumba la fupa n'komwe. Mwanayo anayasamula kawiri. Apa m'pamene ndinaganiza zomupangira chinthu chooneka ndi maso.

Ndinasankha Parasaurolophus, amene mafupa ake anapezeka ku Alberta m'dziko la Canada ndipo William Parks anamutcha dzinali mu 1922. Dzinalo ndi lonamiza: limamuyika pafupi ndi Saurolophus wa fuko la Saurolophinae, chonsecho iye ndi wa fuko linalo, la Lambeosaurinae. Tsumba lake ndi lalitali loloza kumbuyo, ndipo njira za mpweya zochokera kumphuno zimakwera mpaka kunsonga n'kukhota kubwereranso. Ndinatenga mapaipi apulasitiki awiri, kuwalumikiza kumapeto, n'kuwamata ndi guluu pa chipewa chakale cha njinga yamoto. Guluuyo sindinamuumire, ndinathira botolo lonse.

Mayi a kunyumba anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Chimenechi n'chopumira m'madzi?"

Mtima unachita kuti myaa, chifukwa yankho ndinali nalo. Akatswiri ena akale ankaganizanso choncho, koma kunsonga kwa tsumbalo kulibe bowo, ndiye nyamayo ikanapumira pati? Carl Wiman wa ku Sweden ndiye ananena mu 1931 kuti linkalira ngati lipenga, ndipo David Weishampel anadzawerengetsa bwino za mawuwo mu 1981.

"Imani pomwepo mumve," ndinatero. Ndinavala chipewacho, kulowetsa kapaipi kakang'ono pakamwa, n'kuuzira ndi mphamvu zanga zonse.

Abale inu! Kunatuluka mawu ngati a ng'ombe yomwe yagwera m'chitsime. Agalu onse a m'dera lathu anayamba kuuwa, mphaka wathu anatulukira pawindo, ndipo posakhalitsa wina anagogoda pachitseko. Ndinafuna kuvula chipewa chija kuti ndikatsegule ngati munthu wolongosoka. Chinakana. Guluu uja anali atalowa m'timabowo ta pamwamba n'kugwirana ndi tsitsi langa.

Ndinathamangira kuchipinda kukabisala, kuyiwala kuti kumbuyo kwanga kuli paipi yaitali ngati mkono. Potembenuka inakola pafelemu ya chitseko, mutu n'kubwerera m'mbuyo, ine khuu pansi, kapaipi kali pakamwa. Lipenga linaliranso lokha, kamodzi, mwachisoni.

Aneba anali atalowa kale. Anandiyang'ana ndili chagada n'kufunsa mayi a kunyumba motsitsa mawu, "Zayamba liti zimenezi?"

Ndinayesa kuteteza ulemu wanga ndili pansi pomwepo. Ndinawauza kuti matsumbawa anasokoneza ngakhale anthu ophunzira kwambiri: Peter Dodson anaonetsa mu 1975 kuti nyama zina zomwe zinapatsidwa mayina awoawo zinali ana chabe a Corythosaurus ndi Lambeosaurus amene tsumba linali lisanakule. Nayenso Tsintaosaurus wa ku China anajambulidwa zaka zambiri ali ndi nyanga imodzi pachipumi, kufikira mu 2013 pamene anazindikira kuti inali chidutswa cha tsumba lalikulu. Aneba anangogwedeza mutu, monga mmene timachitira ndi wodwala.

Sizasi inagwira ntchito pafupifupi ola lathunthu. Chipewa chinachoka pamodzi ndi tsitsi lonse la paliwombo, ndipo pakati pa dazi latsopanolo panali chotupa chofiira, chonyezimira.

Mwana uja, amene ndinkati sankamvetsera, anandizungulira akusuzumira pamutu panga, kenako anatsegula kope lake.

"Ababa, mwasamuka fuko. Pano ndinu Edmontosaurus. Pajatu anapeza wachibale wake wina ali ndi kamnofu pamutu ngati ka tambala. Musasunthe, ndikujambuleni."